Tebulo Lopendama la Namasamu

Lolemba, 3 Malichi

Andigoneka. Wodi ya abambo, bedi lachitatu kuchokera pakhomo, pafupi ndi zenera lomwe mahinjesi ake anamangidwa mopendama. Ndaliona ndisanakhale n'komwe pansi. Kabuku aka n'kolembamo miyeso ya ku shedi, kanali m'thumba la jekete, ndiye kagwire kaye ntchito ina.

Ndine kalipentala. Zaka makumi atatu ndakhala ndikukhoma matebulo a puulu, ndipo anthu amanditchula Sikweya, dzina la chida choyezera makona, ati sindingadutse chinthu chopindika osachiwongola. Masabata awiri apitawa ndinaponda kamsomali ndi phazi lamanzere. Sindinamve kupweteka, ndinangomanga kansalu n'kupitiriza ntchito. Lero zala ziwiri zing'onozing'ono zada bii, phazi latupa ngati pilo. Shuga 23, chonsecho sindimadziwa kuti ndili ndi matenda a shuga. Diripi, jakisoni wa insulini, mankhwala opha tizilombo odzera mumtsempha katatu patsiku.

Koma chondisautsa si phazi ayi. Mwana wathu mmodzi yekhayo, amene timamuseka kuti Namasamu, akumaliza maphunziro a masamu ku yunivesite. Lachisanu la sabata ya mawa, pa 14, akaima pamaso pa aphunzitsi akuluakulu kufotokoza kafukufuku wake wa zaka ziwiri. Nkhani yake ndi ya mpira woyenda pa tebulo lopanda maenje, mpira wosatopa, wongogunda khoma n'kubwerera mpaka kalekale. Anandipempha timatebulo titatu toti akaonetsere: la makona anayi, la makona asanu, ndi la makona atatu. Pa lachitatulo analemba mbali zake kuti masentimita 80, 50 ndi 40. Ine ndinati mwanayu dzanja lamuterereka, tebulo lanji la mbali yaifupi ngati thalauza lothaima mwendo umodzi? Ndinadula 80, 50, 50. Linatuluka lokongola ngati denga la nyumba.

Sabata yatha pa foni anati, "Bambo, lija la mbali zosafanana ndiye mtima wa nkhani yonse." Ndinangoti eya. Ndimati ndikhome lina mwakachetechete, basi phazi n'kundigwetsa. Matebulo onse ali okutidwa ku shedi, ndipo palibe akudziwa.

Lachiwiri, 4 Malichi

Shuga 19 m'mawa, 17 madzulo. Andijambula phazi. Adokotala, munthu wamtali wolankhula motsitsa, ati zala ziwirizo zafa ndipo fupa la kachala kakumapeto lagwidwa. Ayenera kuzidula matenda asanakwere. Ndafunsa kuti ndikadulidwa ndidzaponda liti pansi. Ati patatha masabata awiri, mwinanso atatu.

Ndawerenga ndi zala, zam'manja zomwe zidakali zonse. Pa 14 padzakhala patadutsa.

"Adokotala, ndipatseni masiku awiri okha ndikaone kunyumba, ndikabwera mudule mmene mungafunire."

"Kunyumba kuli chiyani choposa phazi lanu, bambo?"

Pepala losainira analisiya pa kabati, ine ndaikapo kapu.

Bedi la kumanja kwanga kuli atelala okalamba, anathyoka ntchafu atagwa pa njinga. Mwendo wawo aukoka ndi chingwe ndi chitsulo cholemera, koma pakamwa palibe anawamanga. Anamva zonse. "Achimwene," akutero, "munthu wopempha masiku awiri ndiye kuti kunyumba anasiya chibwenzi kapena mlandu." Ndawauza kuti asamale za mwendo wawo.

Lachitatu, 5 Malichi

Shuga 16. Atsuka bala, fungo lake ndachita nalo manyazi.

Mayi a kunyumba abwera ndi mpunga, nyemba ndi mazira awiri owiritsa. Anamwino abweza theka la mpungawo, ati wachuluka. Tiyi wopanda shuga. Kodi ameneyu ndi tiyi kapena chilango?

Mayiwa anaona pepala pansi pa kapu. Kuwerenga amatha, kundiwerenga ine amathanso.

"Inu bambo a Namasamu, simunasaine chifukwa chiyani?"

"Ndikuganizabe."

"Muziganiza ndi mutu, phazi likuwola. Kapena mukuopa kuti mapazi asiyana kutalika? Mudzavala nsapato, palibe adzabwere ndi tepi kudzakuyezani."

Atelala anaseka mpaka chitsulo chawo chinagwedera. Ine ndinatembenukira kuzenera. Ndikanawauza mayiwa, madzulo omwewo mwana akanamva. Ndipo ndimuuze bwanji mwana kuti bambo ake anaona muyeso wake, wa munthu wa ku yunivesite, n'kuuyesa cholakwa cha mwana wa sitandade wani?

Lachinayi, 6 Malichi

Dzulo anamwino anajambula mzere ndi bolopeni kuzungulira pamene kufiira kwalekezera. Lero kufiirako kwaudumpha. Ndayeza ndi katepi kanga ka pa makiyi: mamilimita asanu ndi atatu. Nambala sinama, ntchito yanga inandiphunzitsa zimenezo.

Masana, anthu odzaona odwala atatuluka, ndawaululira atelala za tebulo lija. Ndimayembekeza kuti aseka, koma anangogwedeza mutu.

"Safunsa anadya phula, achimwene. Foni munali nayo?"

"Ndinali nayo."

"Nanga? Ine ndasoka majekete zaka makumi anayi, sindinaonepo munthu wa mapewa ofanana. Wina lamanja latsika, wina lamanzere. Ukasoka jekete lofanana mbali zonse limakoma pa hang'ala, koma mwini wake akavala limamukoka pakhosi. Kasitomala akakupatsa muyeso wachilendo, ndiye kuti thupi lake ndi lachilendo. Umafunsa, sumakonza."

Ndinafuna kuwayankha kuti nsalu si thabwa, koma anali atanena zoona. Anandipatsa nthochi, anamwino n'kundilanda theka.

Lachisanu, 7 Malichi

Thupi latentha, 38.9. Kuzizidwa. Mzere watsopano nawonso wadumphidwa. Asintha mankhwala.

Adokotala: "Lero tikukamba za zala. Sabata ya mawa tidzakamba za phazi lonse. Zengerezu adalinda kwawukwawu, bambo."

Mayi a kunyumba amuimbira mwana. Abwera mawa. Ndili ndi mantha, ndipo si a mpeni.

Loweruka, 8 Malichi

Kutentha kwatsika, 37.8. Shuga 12. Ndilembe zonse mphamvu zidakalipo.

Namasamu wafika cha m'ma teni, chikwama kumsana, maso ofiira ndi ulendo. Wawonda mwanayu. Sanakhale n'komwe pansi, anangotenga pepala pansi pa kapu n'kundiikira pachifuwa.

"Bambo, mukapanda kusaina, ine pa 14 sindipita. Ndikhala pompano."

Apo ndiye ndinasowa pothawira. Ndinamuuza zonse, amayi ake ali pomwepo: 80, 50, 50. Ndinati ndimafuna masiku awiri ndikakonze asanadziwe.

Mwana anatsitsa chikwama pansi. Kenako anati, "Ndiye mumati mutaye phazi chifukwa cha masentimita khumi?" Misozi inali m'maso koma mawu anali aukali, ngati amayi ake. "Bambo, mukanandifunsa. Mumaganiza kuti sindidziwa kulemba folo?"

Ndinapepesa. Sindikumbukira kuti ndinayamba ndapepesapo kwa mwana, ndipo pakamwa panalemera ngati ndanyamula chitseko. Kenako, poti ndine Sikweya, ndinafunsabe kuti kodi kufanana kwa mbali kwalakwa chiyani.

Anapukuta m'maso, anatenga kabuku kano n'kujambula kumapeto kwake. Ndilemba mmene ndamvera.

Ati pa tebulo la makona anayi, mpira ungagunde makoma kambirimbiri, umangoloza mbali zinayi zokha, sungapeze yachisanu. Pa la makona asanu ofanana, mbali khumi basi. Kufananako kumaumanga mpira ngati mbuzi ya pachingwe. Ndipo pa matebulo oterowo mathero ndi awiri okha: mpira ubwerera mumzere wake womwewo n'kumangozungulira, kapena uyenda mpaka kupaka tebulo lonse mofanana, osakondera ngodya ina.

"Tsono onani lanu lija," anatero, akujambula denga langa lokongola. "Ikani mpira pakati pa mbali yaitali. Ulozeni khoma lakumanzere kuti ukagunde molunjika, mwa sikweya. Ubwerera pomwe unachokera, eti? Ukagunda apo upita kumanja, ndipo poti mbali n'zofanana, ukagundanso mwa sikweya. Ubwereranso. Uku, uku, mpaka dziko litatha. Njira yobwerera mwaipereka yaulere."

"Nanga si zabwino zimenezo?"

"N'zabwino, koma funso langa mwalipha. Ine ndikufufuza zomwe zimachitika mbali imodzi ikafupika. Njira yaulereyo imafa. Ndipo pa matebulo a makona atatu okhala ndi ngodya yotambalala chonchi, palibe munthu padziko amene watsimikiza kuti lililonse lili ndi njira yobwerera. Ine ndimazisaka pa kompyuta, mpira umagunda kokwana mamiliyoni. Tebulo lanu n'loti anthu aone ndi maso poyambira pake."

Atelala anafuula ali chigonere, "Ndinanena ine! Mapewa!" Mwana anadabwa kuti madalawa akuti chiyani.

Kenako anati basi, akaonetsa pa kompyuta pokha, ngakhale mmodzi wa aphunzitsiwo ndi wokalamba wosakhulupirira zithunzi, amafuna chinthu chogwirika. Nkhope yake inagwa ponena zimenezo. Anali atawalonjeza kale.

Mayi a kunyumba, amene nthawi yonseyi amapinda thawulo, anati, "Ndikhoma ine."

Ndinaseka. Cholakwa chachiwiri m'mwezi umodzi.

"Mukuseka chiyani? Guluu amakupakirani ndani? Mphira za m'mbali amakoka ndani inu mukukhoma? Maso anu atayamba kuchita chifunga, mizere ya pensulo amakuonerani ndani? Sainani apo, mundipatse makiyi a shedi."

Ndasaina. Makiyi ndapereka. Opaleshoni Lolemba m'mawa.

Lamulungu, 9 Malichi

Shuga 10. Adokotala akondwa, ati mpeni umafuna shuga wotsika.

Lero wodi inasanduka shedi. Anamwino anatipatsa katoni yaikulu yomwe munabwera madiripi. Taiyala pa bedi langa, miyendo nditaipinda. Ndajambula mzere wa 80. Mayi anagwira ulusi wa atelala pa nsonga imodzi, ine ndinazunguza pensulo pa 50, kenako nsonga inayo pa 40. Pomwe mizere yakumana ndiye ngodya yachitatu. Namasamu anayeza kawiri n'kuvomera.

Kunena zoona, kuliyang'ana limandipweteka m'maso. Likuoneka ngati nyumba yoti mphepo yaikankha. Dzanja limachita kuyabwa kufuna kusuntha kadontho kaja pang'ono, mpaka mayi anandimenya pa chala ndi pensulo.

Chovuta ndi molumikizira. Ngodya zake palibe ya 45 kapena 60 yomwe sowo inazolowera, iliyonse ili ndi khalidwe lakelake. Ndawauza mayi kuti asadalire manambala a pa makina, agoneke thabwa pa katoni n'kulemba pomwepo. Adule kunja kwa mzere, otsalawo amalize ndi puleni, pang'onopang'ono. Kupendamitsa dala n'kovuta kuposa kuwongola, lero ndadziwa.

Kuyambira pakati pa usiku osadya kanthu.

Lolemba, 10 Malichi

Adula. Ziwiri. Anandibaya pamsana, sindinamve kanthu koma kukoka.

Ati fupa lotsala ndi loyera. Phazi likhala.

Mutu ukuzungulira. Mwana ali pano. Mayi ali ku shedi, ndinawauza ndekha kuti asabwere.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ululu wafika tsopano, wabwera ndi abale ake. Jakisoni wa ululu kawiri. Shuga 9. Kutentha kulibe.

Mayi abwera masana ndi matabwa awiri m'chikwama cha kumsika, utuchi uli m'tsitsi. Molumikizira mwa ngodya yotambalala muli mpata wolowa chikhadabo. Anadula pa mzere weniweni m'malo mwa kunja kwake.

Mawu anafika pamilomo, aja ndimawauza anthu akaononga thabwa. Ndinawameza. Ndinawauza kuti inenso chaka changa choyamba ndinaononga matabwa okwana kumangira khola, ndipo kuseri kwa chitseko kuli thabwa lina louma bwino.

"Latsala limodzi lokha," anatero.

"Limodzi likwana."

Anandiyang'ana ngati andisinthitsa ku opaleshoni. Atapita, atelala anati, "Achimwene, zala zija zinali ndi ukali wanu eti? Akanadula kale."

Masiku atsala awiri. Mwana akwera basi Lachinayi m'mawa.

Lachitatu, 12 Malichi

Atsegula bandeji. Bala ndi lofiira bwino, lopanda mafinya. Ndaliyang'ana phazi langa latsopano. Likuoneka ngati foloko yothyoka mano, koma ndi langa ndipo ndi lamoyo. Shuga 8.

Madzulo, nthawi yoona odwala, ndinamva phokoso pakhomo. Mlonda amakaniza mayi kulowa ndi katundu, mpaka anamwino anakawalanditsa, ati ndi mankhwala a bedi lachitatu. Mayi analowa atasenza tebulo pamutu, Namasamu ali pambuyo ndi mapepala.

Analiika pa miyendo yanga. Ndinatulutsa tepi: 80, 50, 40. Ndinayendetsa chala molumikizira monse mutatu, maso nditatseka, poti chala sichinamizidwa. Palibe mpata, ngakhale wolowa tsitsi. Mphira zakokedwa mofanana, pansi pasalala. Pangodya imodzi puleni inadya pang'ono kunja, koma mkati, momwe mpira umayenda, mulibe chilema. Chala chachikulu cha mayi chinali chomangidwa ndi pulasitala.

"Nanga tiyese," anatero Namasamu. Kachitidwe kake n'koyala pepala loyera pansi, kuviika kampira kachitsulo mu inki, n'kukagunda kuti kasiye mzere. Inki anaiwala. Anamwino anabweretsa mankhwala ofiirira aja opaka pa zilonda, ati bola tisadetse mashiti. Tebulo tinaliika pa kabati, odwala otha kuyenda anatizinga, atelala akukalipa kuti awapatse mpata aone.

Mwana anandipatsa kandodo. "Gundani ndinu, bambo. Pakati pa mbali yaitali, mwa sikweya."

Ndinagunda. Kampira kanapita kumanzere, kho, n'kubwerera mumzere wake womwewo. Kanagunda pakati, kanaloza kumanja, ndipo mtima wanga wa ukalipentala unati kabwereranso. Ayi ndithu. Kanagunda mopendama pang'ono chabe, kanadutsa pambali pa mzere wake, kenako uko, kenako uku, mzere uliwonse wachilendo, mpaka kanaima pepala litadzaza timizere ngati mapazi a nkhuku.

"Kasochera," anatero wodwala wina.

"Eya," anatero Namasamu, akumwetulira koyamba chibwerereni. "Masentimita khumi okha."

Kenako anati atenga matebulo onse anayi. Langa lolakwika lija akaliika pambali pa la amayi ake, agunde mofanana pa onse awiri, anthu aone okha kusiyana kwake. Ati mwina kufotokoza kwake kuphweka kuposa mmene anakonzera. Musaganize kuti mwakhululukidwa, anatero amayi ake, mwangochita mwayi.

Lachinayi, 13 Malichi

Mwana wapita. Anadzera kuno m'mamawa kudzatsazika, matebulo atamangidwa m'makatoni. Ndinafuna kumupatsa malangizo a kanyamulidwe, koma ndinaona kuti amangidwa bwino kuposa mmene ndikanamangira.

Achotsa diripi, mankhwala tsopano ndi akumwa. Anamwino andiphunzitsa kudzibaya insulini pamimba. Munthu wokhoma misomali zaka zonsezi, kuopa kasingano ngati tsitsi! Wophunzitsa kuyenda wabwera ndi ndodo ziwiri. Ndaima ndi mwendo wamanja, ndafika pakhomo n'kubwerera, thukuta kamukamu. Atelala andiombera m'manja, ati Lolemba akawamasula tidzapikisana.

Mtima uli m'mwamba. Mawa naini koloko.

Lachisanu, 14 Malichi

Shuga 7. Adokotala ati bala likapitiriza chonchi, Lachitatu ndituluka.

Kuyambira naini foni inali pachifuwa panga. Mayi anakhala pampando akusenda lalanje limodzi kwa ola lathunthu. Teni, zii. Leveni, zii. Atelala anayesa nthabwala ziwiri, palibe anaseka, anagona.

Itangokwana thwelofu inalira. Ndinaika mokweza kuti amayi ake amve.

"Ndakhoza! Bambo, amayi, ndakhoza!"

Wodi yonse inamva. Mayi anaponya lalanje m'mwamba, anamwino anathamangira kuno kuganiza kuti wina wagwa. Ine ndinangogwira foni ndi manja awiri, misozi ikutsikira m'makutu poti ndinali chagada. Sindibisa, ndalira, ndipo ndine wonyada.

Atapuma anatifotokozera. Ati mphunzitsi wokalamba uja anadzuka pampando, anatenga kandodo yekha, anagunda pa langa, kampira n'kumangobwerera. Anagunda pa la amayi, n'kusochera. Anabwereza katatu ngati mwana. Mafunso onse ovuta anachokera pomwepo, ndipo iye anayankha ataima pambali pa matebulo, osayang'ananso pa kompyuta.

"Kenako anatembenuza la amayi lija kuti aone dzina la kalipentala," anatero Namasamu, akuyamba kuseka. "Amayi, simunandiuze!"

Ine tebulo lililonse lotuluka m'shedi mwanga ndimalemba dzina langa kunsi kwake. Ndinayang'ana mayi. Anali atatola lalanje lawo, akulipukuta ndi nsalu, maso pansi.

"Analembapo dzina lawo?" ndinafunsa.

"Ayi, bambo. Analemba ndi pensulo yanu yaikulu ija, zilembo zikuluzikulu: 80, 50, 40. NDI DALA. OSAKONZA."